Tangoona mkono wanu pa kanema

Achimwene Saidi,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mandimba tilipo, koma miyendo ya amayi yatupanso.

Munatiuza kuti Loweruka kavalo amene mumamusamalira athamanga mpikisano, ndipo tikuonani pa kanema. Amayi anavala chitenje chawo cha pa Idi, ine ndinawakweza pa njinga mpaka ku baraka, kasitolo ka pamsika kumene kuli kanema.

Kavalo wanu anapambanadi, koma mnzake anali pomwepo, anangosiyana mphuno. Basi mkangano unabuka. Bambo wina wogula fodya anati wokwerayo anagona, anachedwa kumumasula kavaloyo. Mnzake anati, "Ayi bambo, anamusunga dala kuti asathe mphamvu msanga." Anaimirira kutsogolo kwathu akulozana zala chifukwa cha munthu amene sadzawapatsa ngakhale moni. Ndinawapempha kuti asunthe, koma sanandimve.

Pamene anasuntha, kanema anali kuonetsa wokwera uja akuseka ndi mwini kavalo atanyamula chikho. Inu tinangoona mkono wanu utagwira chingwe. Amayi anauzindikira ndi chipsera chija cha chikwakwa.

Zaka zisanu ndi chimodzi simunaponde kuno, achimwene. Kavaloyo mumamusisita miyendo m'mawa uliwonse, ya amayi ndimathowa ndekha.

Allah akusungeni. Musatiuzenso tsiku la mpikisano, mutiuze tsiku lobwera. Amayi sanabereke mkono wokha.

Ndine mlongo wanu,
Amina