Tepi ya Ukwati Isalowe mu Deki

Amake Nomsa,

Pepani, ndanyamuka mukadali kumsika. Ndathamangira ku Mwami, ndibwera dzuwa lisanapendeke.

Nkhani ndi vidiyo ya ukwati wa a Innocent ija. Paja batire la kamera linandithera podula keke, ndiye panatsala mpata, nyimbo ikulira koma zithunzi palibe. Ine kuchenjera, ndinatenga pamene anthu akulandira chakudya n'kuchepetsa liwiro, kuti aziyenda pang'onopang'ono mpaka nyimbo ithe. Mpata unatsekekadi.

Koma mayi, liwiro likachepa maso amaona zonse! Kumbuyo kwa akwati kukuoneka mayi wina wa chitenje chobiriwira akuvuula nkhuku yathunthu mumphika, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuilowetsa m'chikwama mwaulemu wake.

Mnzanga Alfonsi wa ku Mwamiko nayenso anajambula tsiku lija, ndikukabwereka tepi yake kuti nditsekere pamenepo. Abale a mkwati akabwera kudzatenga vidiyo, apatseni tiyi, koma tepi yangayo isalowe mu deki yoonetsera vidiyo ngakhale apemphe chogwada.

Chitenje chanu chobiriwira chija muyambe mwachibisa. Nkhuku tinadya Lamulungu ija inali yokoma, sindikukana.

Ndine wanu,
Paison