Galanti Idathera Kunsi kwa Bedi Lanu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Biriwiri tingoti kwacha. Mpongozi wanu Nambewe adachira, mwana ndi wamkazi. Kachewere wabereka moti tikusowa pomuika. Anyamata a chipani adabweranso ndi makadi. Ndidagula langa ndi la Nambewe, lanu ndidawauza kuti eni ake kulibe.

Nkhani ndi ya galimoto, ndipo yakhudza ng'ombe yanu yamathothomathotho ija, imene mudati isadzatuluke m'khola kufikira tsiku la chikumbutso chanu.

Mukukumbuka giyabokosi imene Che Saidi, a sitolo ya ku Manjawira, adandiitanitsira ku Limbe? Adati ili ndi galanti: ikavuta isanathe miyezi itatu, adzandipatsa ina. Sabata yomweyo inu mudagwa m'munda. Ndidaikankhira kunsi kwa bedi lanu n'kuyamba kukudwazikani. Mutatisiya, amalume adaletsa kugogoda zitsulo pabwalo mpaka titameta. Akadatsutsa ndani?

Titameta ndidaimanga. Ulendo wachiwiri wokha, ndikukwera mtunda ndi matumba, idalira ngati chigayo n'kuima. Makaniko adapeza mano atayoyoka, akuti chitsulocho chidali chofooka chichokere kufakitale.

Nditapita kukadandaula, Che Saidi adandipatsa mpando, adapepesanso maliro, paja adabwera kudzakuperekezani. Kenaka adati miyezi itatu ija idatha, poti imawerengedwa kuyambira tsiku logula, ndipo a ku Limbe za maliro sangazimve. Ine ndidafunsa kuti galanti ingathe bwanji chinthu chikugona m'katoni. Iwo sadakwiye, inenso ayi. Tidamwa tiyi. Pobwerera ndidakumbuka mawu anu aja akuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma ine ndinkazengereza chiyani, amayi? Si inu ndinkakutembenuzani pamphasa?

Kachewere adayamba kumera m'matumba, osowa chonyamulira. Amalume omwe aja adati ng'ombe ipite tigule giyabokosi ina, akufa amamvetsa. Wabutchala adabwera dzulo. Chingwe ndidagwira ndekha mpaka pamsewu. Nambewe adalira, ine ndidangoima. Mumtima muli zii, ngati dzanja logonera, ndipo sindikudziwa kuti misozi idzabwera liti.

Ndiye Che Saidi sadalipire, a ku Limbe sadalipire, amalume sadalipire. Mwalipira ndinu, amayi, monga munkachitira muli moyo.

Galimoto ikayamba kuyenda, sindidzagula ngakhale nsapato ndisanabwezere ng'ombe m'khola lanu. Mundidikire pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki