Maliro a Mkute

P.O. Malomo,
Ntchisi.
18 Ogasiti 1991

Okondedwa achimwene a Gregorio,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Bulawayo kumeneko. Kuno tikudzuka ndithu, ngakhale mphepo yochokera kuphiri chaka chino yating'amba milomo tonse. Kalata yanu yachipepeso ndinalandira, bulangete lija ndinalandiranso, Mulungu akudalitseni. Kuchedwa kuyankhaku si mwano ayi. Ndinkati ndikagwira cholembera dzanja n'kukana.

Tepi imene munapatsira dalaivala wa lole uja inafika titaika kale alamu anu a Benjamini. Tepi imeneyi ndiyo yandilembetsa lero, chifukwa inatsala pang'ono kundisamutsa pa Malomo, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mwini wake nkhaniyi isanakupezeni itamera nyanga.

Inu mumangojambula zinthuzi pa wailesi yakanema yanuyo n'kutumiza, simunaonepo mmene zinkakhalira kuno. Malemu ankaonetsa kanema m'chipinda chakuseri kwa nyumba yathu, mazenera atatseka ndi matumba a feteleza, kajenereta kakulira panja. Pa matepi onse amene munkatumiza, anthu anakonda kwambiri nkhani ija ya anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Alamu anu ankaima pambali pa kanemayo n'kumamasulira m'Chichewa. Tsono inu mukudziwa, inenso ndikudziwa, kuti Chingerezi chawo chinathera Sitandade 6. Ankangoyang'ana nkhope za anthuwo n'kuwaika mawu mkamwa, ndipo palibe anadandaulapo. Mayina omwe anapereka okha. Mkulu wa chombo, uja saseka, anamutcha a Tsinya. Munthu wachitsulo uja ndi Chitini. Wophika wa m'chombomo, chimunthu chobiriwira cha maso atatu, anamutcha Mkute.

Anthu a pa Malomo anawatenga anthu amenewa ngati abale awo. A Kalebe atelala ankatseka shopu dzuwa likadali pamutu, makasitomala ataima ndi nsalu m'manja. Felton wokonza njinga ankakangana ndi alimi ngati chombocho chingathe kunyamula mabelo onse a fodya a ku Ntchisi ulendo umodzi. Ngakhale a tcheyamani a chipani, amene anabwera tsiku loyamba kudzaona ngati mulibe zosayenera, sanabwererenso. Anadzipezera malo awoawo pabenchi lakutsogolo.

Maliro atachitika, makinawo tinawafunditsa chitenje. Ine ndinavala zakuda n'kukhala pakhomo monga mwa mwambo: kumsika osapita, mawu osakweza, kudikira tsiku limene akuchimuna adzandimasule. Mukudziwa kuti pano ndili pachitengwa, ndipo mawu otsiriza ndi a apongozi, a Nankhoma. Mtima wanga ine unali pa chinthu chimodzi, choti akadzandivula zakudazi adzandilole kukhalabe pano. Mwana wanga Maria ali pasukulu pompano, munda tinaulima awiri, ndipo manda a bambo ake ndimawaona ndikaima pankhokwe. Kwathu ku Nachisaka ndimakukonda, koma sindikufuna kubwererako.

Mbiri itamveka kuti kwabwera tepi yatsopano, anthu anayamba kubweranso kudzapepesa. A Kalebe anapepesa kawiri katatu, pakamwa pali pa ine koma maso ali kuchitseko chakuseri. Mapeto ake mlamu wanga Vinsenti, mng'ono wa malemu, anakapempha kwa amayi ake, ndipo iwo analola kuti aonetse Loweruka masana, koma mwaulemu, popanda phokoso. Womasulira panalibe. Anapempha aphunzitsi ena, iwo n'kukana, amvekere azungu a mu kanemayo amalankhulira m'mphuno.

Tsikulo ine ndinakhala kuchipinda kwanga ndikuswa mtedza. Pakati pa chipinda changa ndi cha kanema pali khomo lotchinga ndi nsalu chabe, ndipo ndinadziuza kuti sindisuzumira. Koma kuseriko kunali zii, chete wachilendo, mpaka ndinamva mayi wina akufwenthera. Ndinakankha nsalu ija pang'ono.

Achimwene, mukanatichenjeza! Mkute anali atamwalira. Anamugoneka m'bokosi loyera, anthu onse a m'chombo atandanda uku ndi uku, a Tsinya ataima kumutu ndi buku m'manja. M'chipinda mwathumu amuna onse anali atavula zipewa. Amayi anali atafunda zitenje kumutu, misozi ili chuchuchu, wina n'kuyambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ena n'kumavomera. Musawaseke. Anthu amenewa anali atangoika womasulira wawo, ndiye apa akuona wophika wawo naye wapita. Maliro n'kulirana, ndipo iwo anachita zimene amadziwa.

Kenaka m'chombomo munaduka chinachake, nyale n'kuphethira, zinthu n'kuyamba kuyandama. Makapu anakwera m'mwamba. Nsapato ya munthu inadutsa. A Tsinya ananyamuka pang'onopang'ono mpaka miyendo kuloza kudenga, koma osasiya kuwerenga, nkhope ili gwa ngati palibe chachitika. Basi bokosi lija nalo linadzuka, n'kutembenuka bwinobwino, n'kuyamba ulendo wa kukhomo, Chitini akulisambira pambuyo.

M'chipindamo munalibe wopuma. Ndinaona mapewa a anthu akugwedezeka, a Kalebe ataluma chipewa chawo, a tcheyamani akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Aliyense ankadziwa kuti m'nyumba muno munatuluka maliro enieni, ndipo namfedwa ali kuseri kwa nsalu. Koma ine m'mutu mwanga ndinamva mawu a alamu anu, bwinobwino ngati aima pamalo pawo paja, akunena zimene akananena. Ndinayesa kutseka pakamwa ndi chitenje, koma zinakanika. Ndinaseka, achimwene, osati kumwetulira ayi, chikhakhali chenicheni, mtedza n'kumwazika pansi. Anthu atamva kuti ndine, chipinda chonse chinaphulika. Ndiye pamene chivundikiro chinatseguka, Mkute n'kudzuka, kuyasamula, n'kuyandama kulunjika kumiphika yake, ena anagwa pamabenchi. Kani mtundu wa kwawoko umagona choncho, anzakewo sankadziwa.

Kutacha, Malomo inagawika. Felton anali wokwiya zedi. Akuti a Tsinya ndi munthu wolemekezeka, anapulumutsa chombo kangapo konse, ndiye sangawapachike chadodolido ngati mleme anthu n'kumaseka. Analumbira kuti sadzaoneranso, koma anafunsa Vinsenti ngati abwereza Lamlungu lotsatira. A Kalebe akuti chibadwire sanaonepo zokoma chotere, ndipo ankasoka akuseka okha mpaka anapindika msoko wa buluku la mwini. Amayi amene analira aja anali ndi mlandu wawo, akuti Mkute anawabera misozi. Akulu ampingo ena anati imfa si yosewera nayo. Panali ena oti Mkute ndi mfiti, ndipo chakudya chake asadyenso. Aphunzitsi aja anayesa kufotokoza kuti kuthambo zinthu sizilemera, koma palibe anawamvera.

Zonsezi zikanakhala zokoma, koma mkangano uliwonse unkathera pa ine. Namfedwa waseka. Waseka ali m'zakuda, waseka maliro. Pachitsime ankati mtima wanga unali kale kwina. Ena anafika ponena kuti matenda a malemu ndikuwadziwa bwino ndine. Zinandipweteka, achimwene, ndipo ndinakwiya. Anthu omwewo amene anagwa pamabenchi ndi phwete ndiwo ankandidya miseche, ngati iwo ankaseka ndi pakamwa pobwereka. Koma choopsa sichinali iwowo. Apongozi anasiya kulandira chakudya changa. Maria akapititsa mbale, inkabwerera chivundikirire. Kenaka Vinsenti anandinong'oneza kuti akulankhula zoitana ankhoswe kuti andisudzule nthawi isanakwane, ndinyamule ana ndizipita kwathu. Mukudziwa dzina limene mkazi wosudzulidwa choncho amapita nalo. Tulo sindinkationa.

Lachitatu lapitali mmawa ndikusesa, ndinangoona apongozi atulukira ndi ndodo yawo, Vinsenti ali pambuyo. Ndinagwada. Moni wanga sanayankhe.

"Vinsenti, kalize chigayo chakocho," anatero. Jenereta amaitcha choncho. "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndione ndekha chimene chinaseketsa mkazi wa mwana wanga. Inunso, make Maria, lowani."

Chiyambire, iwo anali asanalowepo m'chipindamo, ankati ndi zachibwana. Benchi anakana, ndinawayalira mphasa, ine n'kukhala chapatali kukhoma. Tinaonera atatu. Bokosi loyera litaoneka anapukusa mutu. Makapu atayamba kuyandama sanaphethire n'komwe. A Tsinya anazondoka, bokosi linanyamuka, iwo nkhope ili chimodzimodzi. Mumtima ndinayamba kale kulongedza katundu.

"Imitsa," anatero. Vinsenti anaimitsa, bokosi lili m'malere. Anatembenukira kwa ine. "Ine palibe chimene ndikumva. Mwana wanga akanakhalapo, apa akanati chiyani?"

"Amayi, sindingathe," ndinatero.

"Munatha kuseka. Nenani."

Ndinanena chapansipansi, koma mawuwo anatuluka mmene mwini wake ankawakokera muja: "A Tsinya akuti, adzukulu inu, gwirani malirowo, akuthawa ulaliki usanathe!"

Vinsenti anatembenukira kukhoma. Apongozi mlomo unanjenjemera, koma anaugwira. Analoza ndi ndodo kuti tepi ipitirire. Mkute atadzuka n'kuyasamula, anandiyang'ananso.

"Nanga apa?"

"Mkute akuti, ndamva kuti pamaliro pano mwapha mbuzi. Yangayo mwandisungira?"

Achimwene, gogo uja anaseka. Anaseka mpaka ndodo inagwa, akumenya mphasa ndi dzanja, amvekere, "Ndi yemweyo! Bodza lake ndi lomwelo!" Koma kusekako sikunathere poseka. Kunatembenuka pakati, ndipo ndinangozindikira kuti akulira, kulira kumene sanalire ngakhale tsiku loika. Ndinasendera pafupi, mwambo ndinauiwala, n'kuwagwira. Vinsenti anatuluka kukazimitsa jenereta ndipo sanabwerere msanga.

Atatonthola anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Make Maria, inu mukuyesa ndinakwiya chifukwa cha zonena za pachitsime? Pakamwa pa anthu ndinapazolowera kale. Loweruka lija ine ndinali pakhonde panga. Ndinamva inu mukuseka, kenaka nyumba yonse. Chibwerere inu pamudzi pano, amene ankakuseketsani choncho ndi munthu mmodzi. Ndinadzidzimuka, ndinaimirira, ndinayenda mpaka pa mtengo wa mango paja ndisanakumbuke kuti ndinamuika ndekha. Chimene ndinakukwiyirani n'chimenecho. Munandiimiritsa."

Ndinangoti, "Pepani, amayi."

"Kupepesa ayi," anatero. "Zakudazo muvala mpaka tsiku lake, ndipo mudzavulira pakhomo pano. Ankhoswe asavutike ndi ulendo. Mukapita ku Nachisaka, mawu a mwana wangawa ndizikawamva kwa yani?" Atatero anatola ndodo yawo, n'kufunsa ngati ndiwo za dzulo zija zatsalako.

Ndiye nkhani ndi imeneyo, achimwene. Mukamva zina, zimenezo n'zowonjezera. Ndikukhala pa Malomo. Amalume ku Nachisaka ndawatumizira kale mawu kuti mitima ikhale pansi. A Kalebe ayamba kale kunena kuti ndikadzavula zakuda ndizidzaima pambali pa kanema, koma ndawauza kuti asoke kaye buluku la mwini lija. Felton ndi anzake akadakanganabe ngati a Tsinya adzabwezeretse ulemu wawo, ndipo andituma kuti ndikufunseni inu amene mwaona zakutsogolo. Musawayankhe, asiyeni avutike.

Ngati dalaivala uja abweranso mwezi wamawa, mumupatsire nsapato za Maria, phazi lakula, ndi lamba wamng'ono wa m'makina a kanema amene Vinsenti akuti wayamba kutha. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti bulangete lawo ndi limene ndikufunda. Moni kwa ana onse. Vinsenti akupereka moni. Apongozi akuti moni wambiri, ndipo akuti tepi ina mutumize ndithu, koma muyambe mwaionera nokha: ngati muli wina womwalira n'kudzukanso, imeneyo musunge konko, kamodzi kaja kawakwanira. Maria ndi mng'ono wake akuti moni kwa amalume. Pamene mukuona pofufutidwa m'munsimu musadabwe, palibe chimene ndabisa. Dzanja linazolowera kulemba moni wa munthu mmodzi winanso.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Felista