Ulemu wa kuchikamwini wandiwonditsa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 27, kwathu ndi ku Chitala. Chaka chatha ndinakwatira Ester wa kwa Maganga, ndipo ndikukhala chikamwini kwawoko. M'mamawa ndimalima m'munda wa mpunga wa apongozi, dzuwa likakwera ndimamanga dengu la usipa wouma panjinga kukagulitsa pamsika wa Salima.

Tsiku lochoka kwathu atsibweni anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Kumene ukupitako ndi kwa eni. Mkamwini sanyambita mbale, ndiponso sapempha chakudya." Mawu amenewa ndawasunga kwambiri.

Chiyambire Epulo, Ester amachoka m'mawa kukayeserera magule a pa 6 Julayi ndi amayi anzake a chipani, kubwera kwake n'kumadzulo. Ophika ndi apongozi anga aakazi. Paja sitionana maso ndi maso, ndiye amangoika mbale pakhonde n'kukhosomola kuti ndidziwe. Ine ndimatema mbamu ziwiri kapena zitatu za kondowole n'kuvundikira. Nsomba ndimangoitsina kumchira. Kumunda ndimapita osalawa kanthu, ndipo kumsika sindigula ngakhale chinangwa chophika, kuopa kuti a m'mudzimo akandiona azikanena kuti kunyumba amandimana.

Poyamba njala inkandipweteka, koma tsopano sindiimvanso. Lamba ndaboola mabowo awiri atsopano. Ndimamva kuzizira anzanga akutuluka thukuta, manja amanjenjemera, ndipo sabata yatha chizungulire chinandigwetsa panjinga pafupi ndi njanji, usipa wonse mumchenga.

Chondilembetsa kalatayi ndi mtima wanga. Kanthu kakang'ono ndapsa kale. Lachiwiri Ester anabwera akung'ung'udza nyimbo ya kugule, ine n'kumuponyera kapu ya madzi kumapazi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Banda, munthu amene ndinamulola uja ankaseka. Ngati mwatopa nane, nenani." Apongozi nawo asiya kundiphikira. Anamuuza Ester kuti, "Ukawafunse amuna akowo, apezamo chiyani m'chakudya changa?"

Ankhoswe aitanidwa kumapeto kwa mwezi uno. Mkazi wangayu ndimamukonda, ndipo ndikuopa kuti andilongedzetsa. Kodi alipo wandichita chipongwe, kapena mutu wayamba kusokonekera?

Y.B., Salima.

A Y.B.,

Palibe wakulodzani, ndipo mutu wanu uli bwinobwino. Muli ndi njala. Mukugwira ntchito ya khasu ndi ya njinga ndi chakudya chimene mwana wa Sitandade 1 sangafike nacho masana. Thupi likamanidwa nthawi yaitali limaleka kupempha, n'chifukwa chake simukumva njala. M'malo mwake limalankhula ndi chizungulire, kuzizidwa ndi ukali. Paja akulu anati manyazi anapha Lambe, inu mwatsala pang'ono kumutsatira.

Atsibweni anuwo anakupatsani malangizo a sabata yoyamba, inu mwawasandutsa lamulo la chaka chonse. Komanso sanakuuzeni mmene mbale yobwerera yodzaza imaonekera kwa amene waphika. Inu mukuti ndi ulemu. Apongozi anu akuona mkamwini amene akuwakayikira kuti amathira mankhwala m'ndiwo. Funso lawo lija tanthauzo lake ndi limenelo, ndipo zawapweteka.

Yambani mawa, osadikira ankhoswe. Muzidya katatu patsiku potsata nthawi, chifukwa mukati mudikire njala, siibwera msanga. Musanagwire khasu imwani phala lothira nsinjiro. Ngati kupempha kukuvutani, gulani ufa wanu mupatse Ester aziphika asanapite kugule. Kumsika idyani chinangwa, nthochi kapena mtedza pamaso pa aliyense. Wogulitsa malonda akamadya palibe amene amadabwa. Usipa umene mumanyamulawo siwoletsedwa kwa mwini wake.

Musayambe ndi mitanda itatu nthawi imodzi, m'mimba mungakutembenukireni. Onjezani pang'onopang'ono. Masiku oyamba mudzakhuta msanga ndipo mimba idzakhala ngati yafufuma, koma zimenezo zimatha. Ngati kondowole sanakuloweni, pakuti kwanu munazolowera nsima ya chimanga, nenani. Mpunga mumalima nokha.

Pitaninso kuchipatala akakuyezeni magazi. Munthu wokhalira kuponda m'madzi a mpunga sachedwa kutenga likodzo kapena njoka za m'mimba, ndipo zimenezi nazo zimafoola. Mpaka chizungulire chitasiya, njingayo muziikankha pokwera mtunda.

Ester muuzeni zonse monga mwandiuzira ine. N'kutheka kuti iye akuganiza kuti muli ndi wina kumsika amene amakuphikirani. Kwa apongozi, poti mwambo sukulolani kukhala nawo pamphasa imodzi, tumani nkhoswe yanu ikapepese ndi kufotokoza kuti anali manyazi. Mwina apongoziwo adzaseka, mwina adzakalipa kaye. Akadzaikanso mbale pakhonde, ibwerere yopepuka.

Koma ndikuchenjezeni. Njala yatiuza kumene ukaliwo ukuchokera, koma kapu ija sinaponyedwe ndi njala, munaponya ndinu. Pabwalo la ankhoswe musakabisale kumbuyo kwa mimba yanu. Mupepeseni Ester lero lomwe, muli awiri, ndipo dzanja limenelo lisadzanyamukenso. Thupi lidzabwerera pakatha miyezi iwiri kapena itatu, koma mkazi akayamba kukuopani, ngakhale mutanenepa bwanji, sadzaimbanso m'nyumba mwanu.

Aphungu.