Dzina la Agogo Pakhoma la Khoti

Tilden Ford, Missouri
21 Okutobala 1998

Okondedwa achimwene a Vernon,

Ndikhulupirira muli bwino ku Seattle kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine moyo ndili nawo, koma mtima ukuwira, ndipo mmodzi mwa amene andiputa ndi inuyo.

Loweruka lapitali tauni yonse inasonkhana kukondwerera kuti khoti la boma lathu lakwanitsa zaka zana. Anapenta nsanja ya wotchi, ndende yakale ija anaisesa mpaka kuikamo maluwa, ana asukulu analiza malipenga. Kenako Mayi Lucille Ransdell, wapampando wa komiti ya mbiri yakale, anavundukula chikwangwani chamkuwa pakhomo. Pali dzina la agogo awo, woweruza uja. Pali la mwini banki. Ngakhale hatchi imene inakoka belu kuchokera kusiteshoni yatchulidwa. Hatchi, achimwene! Koma agogo athu a Ezekiel Gatewood ndi anzawo akuda asanu ndi atatu, amene anasema mwala uliwonse wa nyumbayo, palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndinawafunsa Mayi Ransdell za zimenezi anthu akumva. Anandisisita mkono ngati wodwala nati, "Odessa, mayi wanga, ife timalemba zokhala ndi umboni."

"Umboni munalandira," ndinatero. "Chithunzi cha amisiri ataima pamakwerero apa, ndi kalata yowalembera ntchito."

"Zimenezo sindinazionepo."

Inu mukudziwa kuti anaziona. Titaika bambo m'manda munanyamula bokosi lawo la mapepala lija nkukalipereka nokha kwa mayiwa, ine ndikukana mpaka kulira. Munati, "Awo adzasunga bwino kuposa ife." Asungadi. Inu munakwera ndege, ine ndinatsala kuno kumadutsa pakhotipo tsiku lililonse.

Tsono ndikuuzeni musanamve kwa ena. Lolemba ndinatenga nyundo ya agogo ndi chitsulo chawo chosemera miyala, ndinakagwada pansi pa chikwangwanicho dzuwa likuswa mtengo, nkuyamba kusema. Mwala uja ndi wouma. Sindikudziwa kuti iwo ankatha bwanji chaka chonse.

Nditamaliza EZEKIEL, anatulukira Dwight Purcell, mkulu wa apolisi, uja ndinkakhala naye benchi limodzi kusekondale.

"Iwe Odessa, ukutani pamenepo?"

"Ndikumalizitsa ntchito ya komiti."

Anavula chipewa, nkukanda pamutu. "Kwatsala zilembo zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Ndikukamwa khofi kaye," anatero. "Ine ndimamwa pang'onopang'ono."

Koma Mayi Ransdell anandionera pazenera la ofesi, nathamanga akukuwa kuti ndikuwononga chuma cha makolo. Makolo a yani? Dwight anabwerera, nandilanda nyundo asakundiyang'ana kumaso. Ndinali nditafika pa GATE. Dzina la agogo lili pamenepo loduka, ndipo dzulo aliphimba ndi thabwa.

Mlandu wanga uli pa 6 Novembala, m'nyumba yomweyo. Kukhitchini ya sukulu kumene ndimagwira ntchito andiuza kuti ndiyambe ndakhala kunyumba. Za dzanja langali musadandaule, likutupa pang'ono chabe chifukwa cha kusema kuja.

Sindikupempha pepani wanu. Ndikupempha kuti mubwere, mudzaime pamaso pa woweruza, mudzanene ndi pakamwa panu chimene munapereka ndi amene munampatsa. Mawu anga okha adzati ndi a mayi wamkwiyo. Mukapanda kubwera, ndidzaimabe ndekha, koma khadi lanu la Khirisimasi musadzavutike nalo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Corinne ndi ana onse. Abusa a Whitlock akupereka moni. Amayi ndinakawaona Lachiwiri kunyumba ya okalamba. Masiku ano sandizindikira, amandiyesa namwino. Koma nditawafotokozera nkhaniyi anadzuka pampando, natchula amisiri onse asanu ndi anayi, mmodzimmodzi, osaphonya. Ndinalemba mayinawo pakapepala ka mankhwala. Kenako anandifunsa ngati Vernon wabwerako kusukulu, poti kunja kukuzizira ndipo wasiya jekete.

Ndinawauza kuti muli m'njira. Musandisandutse wabodza.

Ndine mlongo wanu,
Odessa