Banjo ya Yoram

Lolemba, 2 Ogasiti 1954
Atsikana amene ndimawaphunzitsa kuwerenga pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa siteshoni, lero abwera anayi okha. Mwezi watha ankadzaza mphasa ziwiri. Yawabalalitsa ndi nyimbo ya Yoram, uja anabwera kuchokera ku Halale ndi banjo ndi jekete lopanda mabatani. Iye amayamba, "Mkazi wa buku," amayi n'kuvomera, "ndiwo zake n'zilembo!" Dzina satchula, koma pa Balaka pano mkazi amene anapondako ku koleji ya Makerere ndine ndekha. Sindinamalize, inde. Iye sukulu anaimalizira pakhomo.

Lachitatu, 4 Ogasiti
A Blasius achotsa Ida wawo. Akuti, "Aphunzitsi, nyimbo ija simukuimva? Mwanayu adzamukwatira ndani?" Ndawafunsa ngati banjo ndiye nkhoswe ya pabanja pawo. Akwera njinga osatsanzika. Abambo a ku mishoni atumiza mawu oti atsikana akapitirira kuchepa, adzatenga masileti awo.

Lachinayi, 5 Ogasiti
Ndadzipeza ndikuimba nyimbo ija chapansipansi potsuka mbale. Choipa chake n'chakuti imakoma.

Lachisanu, 6 Ogasiti
Kuchitsime ndakumana ndi a Elube, akazi a Yoram, amene amatsogolera amayi povomera. Ati, "Iyayi a Clementina, ndi nyimbo chabe, yovinira." Ndati nanga Eliza wanu wasiya kubwera chifukwa cha kuvina? Ati atate ake akana. Atate ake atiwo? Mkamwini wogona m'nyumba imene apongozi ake anafolera. Izi sindinanene, koma nkhope yanga inanena.

Loweruka, 7 Ogasiti
Ukwati wa Sofia, mtsikana wa m'mudzi muno. Ndinapita kuti asati ndathawa. Anandiimbira nyimbo yanga, ine ndili phee pampando ngati mkazi wa bwanamkubwa.

Atakhuta thobwa, Yoram analengeza kuti wapeka ndime yatsopano yotamanda "amayi enieni". Ndimeyo: "Mkazi wabwino ndi mbuzi ya pachingwe, njira ya kumsika saidziwa." Ndiye anati amayi avomere kuti "mee". Ankaganizadi kuti akuwalemekeza. Anaimba, n'kudikira. Zii. Chonsecho amayiwa ndi omwe amalawirira ndi madengu a nthochi kukachingamira sitima, ndipo waya wa banjoyo amagula ndi a Elube.

A Elube anati, "Atate a Eliza, tabwerezani, sitinamve bwino." Chitsirucho chinabwerezadi, mokweza. Anavomera ndi mwamuna mmodzi yekha, a Pitala, atalezera, ndipo analira bwino kuposa mbuzi yeniyeni. Nyimbo yopanda ovomera ndi munthu wongolankhula yekha pagulu. Yoram anayamba kukonza waya amene sanaduke. Amayi anayambitsa nyimbo yawo ya m'manja, banjo osamvekanso.

Lamulungu, 8 Ogasiti
Kutchalitchi amuna ena akuti ndine ndinawatuma amayi aja. Ndikanakonda zikanakhala zoona.

Lolemba, 9 Ogasiti
Ndafika pamtengo n'kupeza Eliza atakhala kale, ndi atsikana ena atatu a m'mudzi mwawo. Ida sanabwere. A Elube anali chiimire, dengu pamutu, akuti amangodutsa popita kusiteshoni. Ndawafunsa za atate ake a mwanayo. Ati, "Akulima." Sitima yalira, iwo osasuntha. Kenaka atula dengu, akhala kumapeto kwa mphasa, n'kumulanda Eliza sileti. Ndawauza kuti pano ochedwa amasesa. Afunsa kumene kuli tsache.