Chikoti cha Kapitao

Wimbe, Kasungu
14 Juni 2023

Okondedwa achemwali anga a Ezelina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno fodya tagulitsa, koma za mitengo musafunse. Ndili ndi nkhani ziwiri. Ndiyamba ndi yokoma, chifukwa inayo dzanja likukana kulemba.

Boma layankha! Nyumba yathu yosungiramo zakale za matenanti, ija munkandiseka nayo kuti ndasanduka mlonda wa makasu otha, yapulumuka. Ngongole ya malata aibweza okha kwa mwini sitolo, ndipo chaka chilichonse tizilandira kangachepe. Kalata yake inafika Lachisanu, itagona kukhonsolo milungu itatu. Ikanangofika Lachitatu, achemwali!

Lachinayi mwini sitolo anatuma amuna anayi kudzasasula denga. Amene anali patsogolo, chitsulo chozulira misomali kumanja, anali mlongo wathu Sunganani.

"Mlongo, chokani pakhomopo," anatero. "Ndi ganyu chabe, ana anga akugona ndi njala."

"Uyambe wapha ine," ndinayankha.

Anandikankha, ndinagwera pa jeke yakale yodindira mabelo a fodya, dzino n'kuthyoka. Mnzake wina anaponda chithunzi cha abambo. Ndikulavula magazi, maso anga anagwera pa chikoti cha mvuu chopachikidwa pakhoma, chija kapitao wa paesiteti analemba nacho mizere pamsana pa abambo. Zaka zisanu ndakhala ndikuuza ana asukulu kuti chimenechi chisadzakhudzenso munthu. Ndinachitsitsa ndine.

Sindinawerenge kuti ndinamenya kangati. Malaya ake anang'ambika, khungu linatseguka, anzake anathawa. Iye sanabwezere. Anangogwada akukuwa kuti, "Dorika, ndine! Ndine!" Ndinamumva, achemwali, koma sindinaleke. Pamene anatembenuka kuti andiyang'ane, nsonga inamupeza m'diso lamanzere. Ali kuchipatala, ndipo akuti disolo silidzaonanso.

A boma akubwera mawa kudzajambula zinthu zathu. Chikoti ndachitsuka kawiri, ndachibwezera pamsomali wake. Adzandifunsa mbiri yake, ndipo sindikudziwa kuti ndidzalekezera pati.

Mayi musawauze pafoni, mukuudziwa mtima wawo. Ndikalimba ndiwauza ndekha.

Alamu anu a Cornelius ndi ana akupereka moni. Dzulo ndinapita kwa Sunganani kukapempha moni woti ndikulembereni. Anangotembenukira kukhoma, ndipo nsalu imene anafunda inatsika. Achemwali, ndi msana wa abambo weniweni.

Ndine mng'ono wanu,
Dorika